Kwa Adzukulu Anga: Za Mankhwala Opha Ululu

Adzukulu anga, ndi inu nonse anyamata ndi atsikana amene muwerenge mawuwa, takhalani pansi tikambirane.

Pakhomo pakagwa matenda masiku ano, wotumidwa kukaima pamzere wa pa windo la mankhwala ndinu. Ndinu mumawerenga zolembedwa pa kathumba, ndinu muli ndi foni yoonerapo nthawi, ndinu mumagona pansi m'wodi monga gadiyani. Komanso ndinu amene mukuthyoka miyendo pa njinga za kabaza, mukuchitidwa siza, mukuzulitsa mano. Mankhwala opha ululu akudutsa m'manja mwanu kuposa mwa wina aliyense, ndipo ambiri mwa inu palibe anakukhazikaniko pansi kukuuzani khalidwe lake.

Mankhwala amene adokotala akulemberani amawayeza poona thupi lanu, msinkhu wanu, mtundu wa ululu ndi matenda ena amene muli nawo. Ululu ukafika pachimake umasokoneza mutu. Umakuuzani kuti wonjezerani piritsi limodzi, musadikire kuti ola likwane. Mnansi naye amabwera ndi ake, n'kumati awa ndiye amphamvu, ine anandithandiza tsiku limodzi. Koma woyenera kusintha mlingo ndi amene anaulemba, kapena mnzake wa ntchito yomweyo amene waona buku lanu la kuchipatala. Si ululu, si mnansi, si inunso.

Nkhani imayambira m'chipinda cha adokotala, musanafike n'komwe pa windo. Mzere umakhala wautali, anthu akudandaula panja, ndipo mtima umafuna kungolandira buku n'kutuluka. Musatuluke musananene izi ngati zikukukhudzani: kuti ndinu woyembekezera kapena mukukayikira kuti mwaima, kuti mukuyamwitsa, kuti muli ndi zilonda za m'mimba, BP, shuga, mphumu, khunyu kapena vuto la impso, kuti mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, kuti pali mankhwala achikuda amene mukumwa, ndiponso kuti mumamwa mowa wochuluka bwanji. Izi ziwiri zomalizazi ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ena amabisanso za ma ARV akapita chipatala chachilendo. Adokotala sali pamenepo kuti akuweruzeni. Akufuna adziwe chimene chili kale m'magazi mwanu asanathiremo china. Mwachitsanzo, rifampicin wa TB amachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena opha ululu, moti mlingo wokwanira kwa mnzanu kwa inu sungagwire. Akapanda kudziwa, angaganize kuti mukunama kuti ululu sukutha.

Mukafika pa windo, funsani. Safunsa anadya phula. Dzina la mankhwalawa ndi chiyani? Ndimwe angati, patatha maola angati, kwa masiku angati? Ndimwe nditadya kapena ayi? Ndizimwa nthawi zonse, kapena pokhapokha ululu ukabwera? Ngati sanalembe dzina pa kathumba, pemphani alembe. Mapiritsi oyera amafanana, ndipo m'nyumba momwe muli odwala awiri, kathumba kopanda dzina n'koopsa.

Pa kathumbapo nthawi zambiri amalemba 2×3, ndipo tonse tinazolowera kuwerenga kuti awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Taonani chimene chimachitika. Munthu amwa 7 koloko ndi phala, 12 koloko ndi nsima, 5 koloko madzulo. Kuchokera apo mpaka m'mawa padutsa maola 14 m'thupi mulibe kanthu. Ululu umudzutsa pakati pa usiku, atenga ena awiri, m'mawa ayambiranso mwa masiku onse, ndipo osadziwa wayamba kumwa kanayi zimene anamulembera katatu. Katatu pa tsiku ndiye kuti maola 8 aliwonse: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Kawiri pa tsiku ndi maola 12. Kanayi ndi maola 6. Ikani alamu pa foni, ndipo ngati mukudwazika wina, tengani kope lakale la sukulu muzilemba ola lililonse limene mwamupatsa. Magadiyani akamasinthana, kope limenelo ndi limene limaletsa kuti wodwala amwetsedwe kawiri, wina asanapite kumsika ndi wina atangofika. Mukaiwala kumwa n'kukumbuka nthawi ya mlingo wotsatira itayandikira, siyani woiwalikawo. Musaphatikize awiri kuti mubweze ngongole.

Tsopano ndiwatchule mankhwalawo, chifukwa saopsa mofanana.

Paracetamol, amene ambiri timangomutcha Panado, ndi wofatsa akamwedwa bwino, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kumapusitsa anthu. Piritsi limodzi limakhala la mamiligiramu 500. Munthu wamkulu amamwa awiri, osabwereza maola 4 asanakwane, ndipo osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24, omwe ndi magiramu 4. Munthu wowonda wosafika makilogiramu 50, womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi, malire ake amatsika kuposa pamenepa. Mwana amamuyezera potengera sikelo yake, osati pongobenthula piritsi la wamkulu. Msampha uli apa: paracetamol amabisala m'mankhwala ena ambiri. Ali m'mankhwala ochuluka a chimfine ndi a mutu a m'magolosale, alinso m'mapiritsi a kuchipatala amene amamusakaniza ndi codeine. Munthu amamwa a kuchipatala, awonjezera a chimfine, madzulo atenga Panado, n'kumaganiza kuti wamwa mitundu itatu pamene wamwa chinthu chimodzi katatu. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta pa paketi. Chiwindi chikamawonongeka ndi paracetamol sichilira msanga. Tsiku loyamba munthu amangomva nseru kapena samva kanthu. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu m'pamene kumayamba kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, maso n'kusanduka achikasu. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, koma amagwira bwino akaperekedwa maola 8 asanathe. Choncho wina akamwa mopitirira, mwangozi kaya mwadala, thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuseka ndi kuyenda bwinobwino.

Gulu lachiwiri ndi limene ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi limene likupweteka anthu ambiri kwathu kuno mwakachetechete. Ndi gulu la ibuprofen, amene timamudziwa kuti Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin. Awa amathandiza kwambiri pa ululu wa kutupa, wa dzino, wa msambo, wa msana ndi mfundo. Amagwira ntchito poletsa thupi kupanga timadzi tina timene timabweretsa kutupa ndi kuwawa. Koma timadzi tomweto ndi timene timateteza khungu la m'kati mwa chifu kuti lisapsye ndi asidi, komanso timathandiza kuti magazi aziyenda bwino kupita ku impso. Mukatiletsa kwa masiku ochepa, thupi limapirira. Mukatiletsa miyezi, kapena ndi mlingo waukulu, chifu chimachita zilonda n'kuyamba kutaya magazi, impso zimafooka, BP imakwera. N'chifukwa chake amati imwani mutadya, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kuphatikiza awiri a gulu limeneli. Brufen ndi diclofenac pamodzi sachotsa ululu kawiri, amangochulukitsa kuwononga. Chimbudzi chikayamba kutuluka chakuda bii ndi chonanda, kapena mukasanza magazi kapena zinthu zakuda, siyani pomwepo mupite kuchipatala, amenewo ndi magazi a m'mimba. Mapazi ndi nkhope zikayamba kutupa, mkodzo n'kuchepa, ndi impso zikudandaula.

Ambiri mwa anthu amene ali pa ma ARV m'Malawi muno akumwa piritsi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene linayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 2019. Ndi mankhwala abwino, asunga miyoyo yosawerengeka. Koma tenofovir amatulukira ku impso, ndipo kumuwonjezera diclofenac kapena Brufen wa tsiku ndi tsiku n'kusenzetsa impsozo katundu wawiri. Chimodzimodzi munthu amene watsegula m'mimba, wasanza, kapena wakhalira kulima pa dzuwa la mu Okutobala osamwa madzi: impso zake zauma kale, gulu limeneli limazimaliza. Makina otsuka magazi a odwala impso ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo kwa zaka zambiri m'zipatala za boma ankapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kokha. Impso zanu zisungeni. Inu atsikana oyembekezera, mankhwala a gulu limeneli musamwe pokhapokha adokotala atakulemberani akudziwa za pakatipo, makamaka mimba ikadutsa theka, chifukwa amasokoneza impso ndi kayendedwe ka magazi a mwana. Aspirin asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16 pofuna kuziziritsa thupi kapena kupha ululu. Ndipo Indocid amene ena amathira m'nyambo ya makoswe ndi yemweyo amene agogo anu akumwa m'mawa ndi madzulo chifukwa cha mawondo, pogula okha pamsika. Khalani nawo pansi, muwaperekeze kuchipatala.

Gulu lachitatu ndi la codeine, tramadol, pethidine ndi morphine. Awa ndi a ululu waukulu: wa opaleshoni, wa fupa lothyoka, wa kupsa ndi moto, wa khansa. Sagwira pa bala, amagwira mu ubongo ndi mu msana momwe mumadutsa uthenga wa ululu. Vuto lake n'lakuti kachigawo ka ubongo kamene kamayendetsa kupuma nakonso kamamvera mankhwalawa. Akachuluka, munthu amagona, kupuma kumachedwa, kumachedwabe, mpaka kuima, iye osadzidzimuka n'komwe. Pa mlingo wa adokotala izi sizichitikachitika. Zimachitika mlingo ukapitirira, kapena pakawonjezeredwa china chogonetsa: mowa, diazepam amene ambiri amamutcha Valium, Piriton, mankhwala a tulo. Mowa ndiutchule kawiri. Botolo limodzi limene mumamwa osamva kanthu masiku onse, pamwamba pa tramadol kapena morphine likhoza kukhala lomaliza. Nthawi yonse imene muli pa mankhwala amenewa, mowa wa mtundu uliwonse, kaya ndi kachasu, Chibuku kapena wa m'botolo, usakhudze pakamwa.

Amabweretsanso tulo ndi chizungulire, makamaka masiku oyamba ndi pamene mlingo wakwezedwa. Iwe mnyamata wa kabaza, iwe woyendetsa minibasi, iwe wogwira ntchito pa chigayo kapena pamwamba pa nyumba, ndikudziwa kuti tsiku losagwira ntchito ndi tsiku logona ndi njala. Komabe wokwera kumbuyo kwako wakupatsa moyo wake. Uwauze adokotala ntchito imene umagwira kuti aone ngati pali mankhwala ena osagonetsa.

Tramadol ali ndi zake zapadera. Kapisozi wa kuchipatala nthawi zambiri amakhala wa mamiligiramu 50, ndipo munthu wamkulu sayenera kudutsa 400 pa tsiku. Akapitirira, kapena akamwedwa ndi munthu wa khunyu, amagwetsa munthu n'kumaphupha ngati wakhunyu. Sagwirizananso bwino ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa, ngakhale amitriptyline amene amaperekedwa kwa omva kutentha mapazi ndi ululu wotsalira wa mashingozi. Ngati muli pa amenewa, nenani. Codeine naye, chiwindi chimamusandutsa morphine, ndipo anthu ena matupi awo amachita zimenezi mofulumira kwambiri osadzidziwa. Pa chifukwa chimenechi saperekedwa kwa ana osakwana zaka 12 kapena kwa mayi woyamwitsa, poti amadutsira mu mkaka n'kukagonetsa khanda.

Za kumene gulu limeneli lingafikitse anthu, maiko ena anaona kale. Ku America kampani ya Purdue Pharma inatulutsa piritsi la OxyContin mu 1996, n'kumauza madokotala kuti silikola anthu kwenikweni. Mu 2007 inavomera m'khoti kuti inasocheretsa anthu. Ambiri amene anayambira pa mapiritsi a msana kapena a opaleshoni anathera pa mankhwala a mumsewu, ndipo mu 2022 mokha anthu oposa 100,000 anafa m'dzikolo chifukwa cha mankhwala opitirira mlingo, ochuluka mwa iwo ndi a gulu la morphine, makamaka fentanyl wopangidwa mobisa. Ku Nigeria boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018, wailesi ya BBC itaonetsa momwe achinyamata ankawamwera ngati chakumwa. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, mankhwala a chifuwa a BronCleer olowa mozemba kuchokera ku South Africa awononga achinyamata ambiri. Inu amene mukupita ku Joni kukasaka maganyu mudzakumana nazo zimenezi, ndipo wina adzakuuzani kuti tramadol amapatsa mphamvu, kuti ukamwa umagwira ntchito usiku wonse osatopa. Sapatsa mphamvu. Amangotseka khutu limene limamva kutopa, thupi likupitirira kutha. Mapiritsi a mumsewu amene agwidwa ku West Africa ena amakhala a mamiligiramu 225, kuposa kanayi kapisozi wa kuchipatala. Ndipo bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo. Gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, muli ndi chikalata cha adokotala m'manja.

Koma ndikanalekera apa ndikanakuchimwirani, chifukwa vuto lathu lalikulu kuno si kuchuluka kwa morphine ayi, ndi kusowa kwake ndi kumuopa. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017 anapeza kuti theka losaukitsitsa la anthu a pa dziko lapansi limalandira morphine wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero zachuluka kwambiri, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atapita patali. Anthu amenewa safunika kufa akubuula. Dokotala Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa ku Uganda mu 1993, anaonetsa kuti morphine wa ufa wosungunulidwa m'madzi ndi wotchipa ndipo wodwala angathe kumamwera kunyumba. Kwathu kuno namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo ku Salima mu 2007, ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito yothandiza odwala matenda osachiritsika.

Tsono agogo anu kapena mayi anu akalemberedwa morphine, mudzamva achibale akunong'onezana kuti achipatala awataya, kuti mankhwala amenewa ndi omalizitsa munthu, kuti adzazolowera. Ena amafika pobisa botolo n'kumawapatsa pokhapokha akayamba kulira. Musalole zimenezo. Morphine woperekedwa pa mlingo woyezedwa ndi odziwa ntchito safupikitsa moyo. Amabweza tulo, amabweza chilakolako cha chakudya, amalola mayi kukhala pakhonde n'kucheza ndi ana ake. Ululu wa khansa sudikira kuti ubwere kaye, umakhalapo usana ndi usiku, choncho mankhwala ake amaperekedwa pa wotchi, wamadzi nthawi zambiri maola 4 aliwonse, ululu usanadzuke. Mukadikira kuti afike pobuula, pamafunika mankhwala ochuluka kuti muugonjetse. Ndipo matenda akamakula achipatala n'kukweza mlingo, musati wodwala wasanduka chidakwa cha mankhwala. Ululu ndi umene wakula.

Apa ndipo pafunika maso anu akuthwa. Morphine wamadzi amakhala wa mphamvu zosiyana, wina kuposa mnzake kakhumi. Mukakatenga botolo latsopano, yerekezani zolembedwapo ndi za lakale, ndipo mtundu wa madziwo kapena manambala akasiyana, funsani musanachoke pa windo. Yezani ndi sirinji kapena kachikho kamene akupatsani, pamalo powala, osati ndi supuni ya tiyi kapena chitsekerero cha botolo, poti masupuni a m'nyumba zathu salingana. Mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza wa phando limodzi ali ndi kakapu kake, ndipo wopitiriza amawotcha chimanga chimene amafuna kukuza. Palinso mapiritsi a morphine otchedwa MST, opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono kwa maola 12. Amenewa samatafuna, samaphwanya, samasinja kuti athire m'phala. Mukatero, mankhwala a theka la tsiku amalowa m'magazi nthawi imodzi. Wodwala akalephera kumeza, kauzeni achipatala asinthe.

Nseru ndi tulo za masiku oyamba zimatha zokha thupi likazolowera. Chosatha ndi kudzimbidwa. Pafupifupi aliyense amene akumwa mankhwala a gulu limeneli amavutika kuchita chimbudzi, ndipo akulu ambiri sanganene zimenezi kwa mdzukulu. Afunseni mwaulemu, kapena pemphani azakhali awafunse. Madzi ambiri, mapapaya, mango, masamba ndi nsima ya mgaiwa zimathandiza, koma nthawi zambiri pamafunikanso mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl, ndipo ndi bwino kuwapempha tsiku lomwe mwalandira morphine.

Mankhwala opha ululu sachiza chimene chabweretsa ululuwo, ndipo nthawi zina amaphimba chenjezo. Ululu ukasintha khalidwe, bwererani kuchipatala m'malo mowonjezera mapiritsi. Mwendo uli m'chikhakha, ululu n'kumakulirakulira, zala zikutupa, zikuzizira kapena zachita dzanzi: chikhakhacho chathina, ndipo maola ochepa angatayitse mwendo. Mayi wachitidwa siza, bala layamba kutentha, kutuluka mafinya, thupi latentha: si za Panado zimenezo. Mwana watentha thupi, mwamupatsa paracetamol, wazizira n'kuyamba kusewera: malungo akadalimo, kamuyezetseni. Mutu wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu, khosi louma, kapena m'mimba mopweteka molimba ngati thabwa, zimenezi n'zothamangira. Ndipo amene mumamwa mankhwala a mutu pafupifupi tsiku lililonse, dziwani kuti mankhwalawo pawokha amayambitsa mutu wosatha akamwedwa masiku ochuluka pa mwezi. Ngati chipatala chili kutali ndipo mukufuna uphungu msanga, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.

Pali chinthu china chovuta kunena, chifukwa chikukhudza khalidwe lathu labwino. Ife tinaleredwa kugawana. Mnzako akamabuula ndi dzino iwe uli ndi makapisozi otsala a opaleshoni yako, kumumana kumaoneka ngati nkhanza. Koma sukudziwa ngati ali ndi khunyu, ngati wamwa mowa madzulo ano, ngati ali ndi pakati pamene sanauze munthu. Mlingo wa morphine umene agogo amamwa tsiku ndi tsiku thupi lawo litauzolowera ungaphe mnyamata wamphamvu amene sanamwepo. Chifundo chenicheni n'kumubereka pa njinga kupita naye kuchipatala. Malamulo a dziko nawonso amaletsa kupereka kapena kugulitsa mankhwala a gulu limeneli popanda chilolezo. Asungeni pokhoma, pamwamba, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho. Morphine wamadzi ali ndi mtundu wokopa, ndipo mwana wamng'ono amamuona ngati chakumwa. Amitriptyline naye, mapiritsi ochepa chabe angaphe mwana.

Nthawi yosiya ikafika, dziwani izi. Ngati mwamwa tramadol, codeine kapena morphine kwa masiku ochepa, mutha kungosiya ululu ukatha. Ngati mwamwa kwa masabata angapo, thupi lazolowera, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa thukuta, kuyasamula, mamina, kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo. Zimenezi si umboni woti mwalowerera, ndi thupi chabe, ndipo achipatala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono mpaka kutha. Mukasiya n'kupita nthawi, musadzayambirenso pa mlingo wakale uja, chifukwa thupi limakhala litaiwala, ndipo ambiri afera pamenepa. Chibaba ndi china. Mudzachidziwa mukaona kuti bala lapola koma mukumwabe, kuti mukumwera kuti mugone, kuti muiwale mavuto kapena kuti mulimbe mtima, kuti mwayamba kuyendera zipatala zosiyanasiyana ndi nkhani imodzi, kuti mukubisa mapaketi. Chingagwire aliyense, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Kauzeni adokotala zoona zake. Ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kuli anthu odziwa kuthandiza pa vuto limeneli. Mnzanu akakuululirani, musamuseke kapena kumufalitsa, mumuperekeze.

Usiku wina mungadzapeze munthu amene ali pa mankhwalawa akuliza mkonono wachilendo, ngati akukhwinyika pakhosi. Musanene kuti msiyeni agone, atsitsimuka m'mawa. Muitaneni dzina, mumugwedeze, mumutikite mwamphamvu pa fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala. Mutseguleni chikope: mwana wa diso akachepa kwambiri ngati kadontho, ndi chizindikiro cha mankhwala a gulu la morphine. Werengani mpweya wake. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo akatsika kufika ka 8 kapena kuchepera apo, milomo ndi zikhadabo n'kuyamba kuda kapena kutuwa, nthawi yatha. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Musamumwetse mkaka, madzi a mchere kapena makala, musamusanzitse, musamuthire madzi ozizira. Akasiya kupuma, mupendeketseni mutu chagada, mumutsine mphuno, mumuuzire mpweya pakamwa uku wina akusaka galimoto. Tengani mapaketi onse, botolo, kope la maola ndi buku la kuchipatala, ndipo mukafika nenani zonse zimene wamwa, ndi mowa womwe. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amadzutsa munthu wotere m'mphindi zochepa. Koma mphamvu yake imatha msanga kuposa ya mankhwala amene ali m'thupi, choncho akadzuka n'kunena kuti ali bwino tiyeni kunyumba, musavomere mpaka achipatala atamutulutsa okha.

Wodwala akachira, kapena akatisiya, pamatsala mankhwala. Pa mwambo wathu zovala ndi ziwiya za malemu zimagawidwa kwa abale, ndipo ndaona mathumba a mapiritsi akulowa m'zikwama limodzi ndi zitenje. Inu amene munali gadiyani, asonkhanitseni maliro asanabalalike, chifukwa masiku amenewo m'nyumba mumadzaza anthu ndi ana. Musawataye kudzala kumene ana amatola zoseweretsa, musawasunge kuti adzathandiza wina. Morphine, tramadol ndi ena onse otsala abwezeni ku chipatala chimene anachokera, pamodzi ndi buku la wodwalayo, kuti achipatala akalembe m'kaundula wawo kuti abwerera.